Woimba basuni naye mumulembeko

Akonzi,

Tsamba lanu la zoimbaimba limangotamanda oimba pakamwa. Ine mdzukulu wanga anandionetsa pa foni mayi Judith LeClair akuliza basuni, chitoliro chachitali chamtengo chija cholira mwabesi, ndipo ndinaiwala nsima pamoto.

Mayiwa anaphunzira ku Eastman School of Music, sukulu ya zoimbaimba ya ku America. Mu 1981, ali ndi zaka 23 zokha, anakhala mtsogoleri wa oliza basuni mu New York Philharmonic, gulu lalikulu la oliza zida zoimbira la mumzinda wa New York. Katswiri wopeka nyimbo John Williams anawapekera nyimbo yawoyawo, imene anailiza koyamba mu 1995.

Chinandigwira mtima nchakuti oliza basuni ambiri amasema okha timabango tiwiri topemererapo. Kabango kakangopalika molakwika, mawu onse abalalika. Tilembereniko za anthu otere.

Wowerenga wanu,
Zomba