Konzani mabuku a ankhondo akale mboni zikadali moyo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ikusowetsa mtendere mabanja ambiri kuno m'chigawo cha Tete, makamaka m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Marávia. Tili ndi madoda ndi amayi amene anamenya nawo nkhondo ya ufulu wa Mozambique, koma m'mabuku a boma zaka zawo za kutchire mulibe, kapena zinalembedwa mokhota. Chifukwa cha chimenechi mendulo zowayenera zimawalambalala, udindo umene anali nawo kunkhondo sudziwika, ndipo penshoni imabwera yoperewera. Pempho langa n'lakuti mabukuwa akonzedwe tsopano lino, anzawo amene angawachitire umboni akadali ndi moyo.

Owerenga ena mwina sadziwa kuti lamulo nambala 16 la chaka cha 2011 limagawa ankhondo akale pawiri. Pali amene anamenya nkhondo yochotsa atsamunda achipwitikizi, imene inayamba pa 25 Sepitembala 1964 ku Chai m'chigawo cha Cabo Delgado n'kutha ndi mgwirizano wa ku Lusaka pa 7 Sepitembala 1974. Ndiye pali amene anateteza dziko pambuyo pake, mpaka kudzafika pa mtendere wa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mendulo yotchedwa Veterano da Luta de Libertação de Moçambique ndi ya gulu loyambalo. Choncho chaka chimene mlembi analemba kuti munthu analowa usilikali si nkhani yaing'ono ayi. Chaka chimenecho ndicho chimaika munthu mbali iyi kapena mbali inayo ya tsiku la mgwirizano wa ku Lusaka.

Amalume anga, achimwene awo a mayi anga, ndi mmodzi mwa anthu amene anagwera mbali yolakwika. Anachoka pamudzi mu 1971 ali mnyamata wosakwatira, nthawi imene Apwitikizi ankasonkhanitsa anthu m'midzi yokakamiza ija ya aldeamento pofuna kuti asamadyetse ankhondo a FRELIMO. Nkhondo m'chigawo chino inali itayakanso kuyambira mu 1968, ndipo damu la Cahora Bassa linali mkati momangidwa. Iwo anayenda wapansi kudzera ku Macanga ndi Chifunde mpaka kuoloka malire a Zambia, kenako anatengedwa kupita ku Nachingwea m'dziko la Tanzania kukaphunzira zankhondo. Chaka chotsatira anabwerera kudzera ku msasa wa ankhondo wa Kassuende. Mu 1973 anavulala chakufupi ndi Fingoè, ndipo kachitsulo ka bomba kakadali m'ntchafu mwawo mpaka lero. Mwezi wa Juni kukamazizira kuno ku Angónia, mwendowo umauma moti amadzuka chogwira khoma.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975 sanavule yunifomu. Analipo pamene ndege za Ian Smith, mtsogoleri wa Rhodesia, zinkaphulitsa mabomba m'chigawo chino, monga zinachitira ku Tembue mu Novembala 1977, ndipo anakhalabe msilikali nkhondo yonse yapachiweniweni ya zaka 16, mpaka pamene a ONUMOZ, gulu losungitsa mtendere la United Nations, ankalemba asilikali obwerera kwawo mu 1994. Komatu mukatsegula fayilo yawo, mupeza kuti analowa usilikali mu 1976. Chimenecho ndi chaka chimene anasamutsidwira ku kampu ina, ndipo mlembi wa kumeneko analemba tsiku lofikira ngati tsiku loyambira. Zaka zisanu zinafufutika ndi cholembera chimodzi, ndipo ndi zaka zimene anakhetsa magazi.

Zifukwa zimene mabukuwa anasokonekera n'zodziwika kwa aliyense wokulira kuno. Kutchire ambiri ankadziwika ndi maina a nkhondo pofuna kuteteza abale otsala kumudzi kuti a PIDE, apolisi achinsinsi a Apwitikizi, asawazunze, ndiye dzina lopezeka m'kaundula wa kumsasa si limene lili pa bilyete, chiphaso chaumzika. Ambiri anabadwa osalembetsedwa, moti tsiku lobadwa ankangolinganiza poyang'ana msinkhu wa munthu. Alembi ophunzira Chipwitikizi ankalemba maina athu mmene awamvera, munthu mmodzi n'kukhala ndi kalembedwe katatu pa zikalata zitatu. Maudindo ausilikali monga sajeni ndi kaputeni anadzabwera mu 1980. Kutchire munthu ankangopatsidwa gulu loti atsogolere, pakamwa, pamaso pa anzake, popanda chidindo. Amalume anatsogolerapo gulu la anthu khumi ndi awiri ndipo anayamikiridwa pa perete atatulutsa mnzawo wovulala pakati pa zipolopolo, koma palibe pepala lonena zimenezi. Ndipo timapepala tochepa timene anthu anasunga m'masutukesi tinapsa m'zaka za m'ma 1980, pamene midzi ya ku Angónia ndi Tsangano inatsala mabwinja, eni ake atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Amalume anasungitsa zawo kwa mayi anga. Mayi anathawa ndi mwana kumbuyo ndi mphika kumutu, ndipo nyumba anaipeza phulusa pobwerera.

Chimene chandipangitsa kugwira cholembera ndi zimene ndinaona pa mwambo wina wokumbukira tsiku la asilikali, 25 Sepitembala. Amalume anadzuka m'mamawa, anasita jekete lawo ndi simbi ya makala, n'kupaka nsapato polishi. Pabwalo anaitanidwa maina, ndipo madoda awiri amene anaoloka nawo malire a Zambia tsiku limodzi anavekedwa mendulo pachifuwa. Amalume anaombera m'manja anzawowo ataimirira kumbuyo kwa chingwe pamodzi ndi ana asukulu. Mmodzi mwa ovekedwawo, bambo wa ndodo ndi diso limodzi, anatsika n'kubwera kudzawagwira dzanja. Anati, "Kamarada, inu ndi amene munandinyamula. Ine ndavala bwanji inu mulibe?" Amalume anangoti, "Valani, akamarada, n'zanu ndithu." Pobwerera sanayankhule kanthu njira yonse, mpaka tili pafupi ndi mudzi m'pamene anati, "Mphwanga, iwe unapita kusukulu. Kodi pepala likanama, amalikonza ndani?"

Funso limeneli ndalitengera m'maofesi angapo, ndipo sinditchula ofesi kapena munthu, poti ambiri amene ndinawapeza anandilandira mwaulemu. Vuto lili m'njira yake. Ukapita kuboma amati bwerani ndi chikalata chosonyeza kuti analowa mu 1971. Ukanena kuti chinapsa, amati kafunseni kuchigawo. Kuchoka ku Ulónguè kupita mumzinda wa Tete ndi ulendo wautali wa pachapa (minibasi), kudzera ku Mussacama ndi Moatize, ndipo nkhalamba yozolowera mphepo ya kumapiri kuno imakomoka ndi kutentha kwa m'mbali mwa Zambezi. Kumeneko amati fayilo iyenera kupita ku Maputo, mudikire. Ndalama zoyendera zimachokera ku thumba la mbatatesi limene banja likanadya kapena kugulira feteleza. Mabanja ambiri amangogwa ulesi n'kusiya. Ukafika ku Tete umaona mlatho watsopano uja umene unatsegulidwa mu 2014 n'kupatsidwa dzina la Kassuende pokumbukira msasa wa ankhondo a ufulu. Ndimanyadira dzina limenelo, koma zimandiwawa kuti munthu amene anagona kumsasako ndi mfuti pamutu akuuzidwa kuti palibe umboni woti anafikako.

Ndikudziwa chimene akuluakulu amaopa, ndipo mantha awo ndi omveka. Alipo anthu amene amadzitcha ankhondo akale pofuna penshoni pamene nthawi ya nkhondo anali pamsana pa amayi awo. Amenewa amabera boma komanso amanyozetsa eni ake enieni. Koma njira yogwirira onamawa si kutsekera kunja onena zoona. Ankhondo akale amadziwana okhaokha kuposa mmene pepala lingawadziwire. Ndinakhalapo pakhonde amalume akucheza ndi anzawo awiri, pamene munthu wina anabwera kudzapempha kuti amusainire monga mboni. Anamufunsa modekha kuti anaphunzira kuti, mlangizi wake anali yani, kumsasa madzi ankatunga mbali iti, anaolokera pati mtsinje wa Kapoche, ndipo ankaimba nyimbo yanji pothamanga m'mamawa. Munthuyo anayamba kuyang'ana pansi pa funso lachitatu, ndipo madodawo anamukaniza. Anthu okhwima chotere ndi amene boma liyenera kuwadalira. Iwo sangagulitse dzina la anzawo amene anawakwirira kutchire.

Choncho ndikupempha kuti pakhale gulu loyendayenda lofika m'maboma ndi m'madera a mafumu, m'malo moti nkhalamba zizikwera chapa. M'gululo mukhale wa ku unduna woona za ankhondo akale, wa ku ofesi yolembetsa maina ndi masiku obadwa, ndi ankhondo akale odziwika a ACLLN, bungwe la omenya nkhondo ya ufulu. Pamene zikalata zinapsa, umboni wolumbira wa anthu awiri kapena atatu amene anali msasa umodzi ndi munthuyo ulandiridwe, ufananizidwe ndi mabuku akale a ku Nachingwea ndi a m'misasa ngati alipo, ndiponso ndi ndandanda wa 1994. Dzina la nkhondo lilembedwe pambali pa dzina la pa bilyete kuti fayilo ikhale imodzi. Dokotala aone zipsera ndi zitsulo zotsala m'thupi. Mafunso afunsidwe m'Chichewa kapena m'Chinyungwe, chifukwa ambiri mwa makolo athuwa Chipwitikizi chawo ndi cha malamulo a pa perete basi. Banja lipatsidwe kapepala kosonyeza kuti pempho lalandiridwa ndi nthawi yoyembekezera yankho, ndipo likakanidwa aziuzidwa chifukwa chake polemba.

Amayi asaiwalike pa nkhaniyi. Gulu la amayi ankhondo, Destacamento Feminino, linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo dzina la Josina Machel timalikumbukira chaka ndi chaka pa 7 Epulo. Koma kuno ku Tete kunali atsikana ambirimbiri amene ankasenza mabokosi a zipolopolo pamutu kuchokera kumalire a Zambia kulowera ku Zambezi, kuyenda usiku, kubisala masana. Ambiri a iwo nkhondo itatha anangokwatiwa n'kumalima, ndipo palibe amene anawalemba pena paliponse. M'mudzi mwathu muli gogo wina wotere. Akaona amuna akuvala mendulo amangoti iye katundu wake anatula kalekale, koma ana ake amafuna kuti dzina la mayi wawo lilembedwe, ndipo akunena zoona.

Amene anamwalira kale nawonso mabuku awo akonzedwe, mendulo iperekedwe kwa mkazi wamasiye kapena kwa ana. Ufulu wina umene lamulo limapereka kwa ankhondo akale umafika kwa amasiye ndi ana, choncho cholakwa cha mlembi wa mu 1976 chimapitirira kulanga anthu amene sanabadwe n'komwe nthawi imeneyo. Ine ndaphunzitsa ana mbiri ya dziko lino kwa zaka zambiri ndisanapume. Ndinkawaphunzitsa za Eduardo Mondlane amene anaphedwa pa 3 Febuluwale 1969, za Samora Machel, ndi za anthu osalakwa amene anaphedwa ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972, pafupi ndi mzinda wa Tete pomwepa. Ana ankandifunsa ngati kwathu kuno kunalinso omenya nkhondo, ndipo ndinkawatuma kuti akafunse agogo awo. Agogowo ndi amene akutha tsopano. Wamng'ono kwambiri mwa iwo wapitirira zaka 65, ndipo ambiri ali m'zaka za m'ma 70 ndi 80. Mwa anthu khumi ndi awiri amene amalume ankatsogolera, amene tikudziwa kuti ali moyo ndi atatu, ndipo mmodzi wa iwo wayamba kusokoneza maina a ana ake omwe.

Pomaliza, Akonzi, ndikudziwa kuti nyuzipepala yanu imawerengedwa mbali zonse za malire, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza ngakhale ku Katete ndi ku Chadiza, kumene ena mwa ankhondo athu anakhazikika nkhondo itatha. Ngati pali bambo kapena mayi amene anaphunzira ku Nachingwea mu 1971, kapena anali m'magulu a ku Fingoè mu 1973, ndipo akukumbukira mnyamata wa ku Angónia amene anavulala ntchafu ya kumanzere atanyamula mnzake, alembere ku nyuzipepala ino. Ana ndi adzukulu amene mukuwerenga kalatayi, muwawerengere agogo anu mokweza, ndipo zimene anene muzilembe pa pepala, ndi tsiku ndi malo, mfumu isainepo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Ulónguè, Angónia