Nkhani za nkhondo zatisowetsa tulo

Akonzi,

Ndiloleni ndipepuleko mtima m'nyuzipepala yanu. Ine ndimagulitsa usipa pamsika wa Nkhotakota, ndipo ndikangotsegula foni m'mamawa ndimakumana ndi nkhondo zokhazokha: Ukraine, Gaza, Sudan. Ena amati zakutali sizitikhudza. Bodza limenelo. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022, mtengo wa feteleza tinaumva kuwawa konkuno.

Mwezi watha ndinatengeka ndi kanema wa mwana akulira pamabwinja a nyumba yawo, kasitomala ataima patsogolo panga ndalama zili m'manja, ine osamuona. Mpaka anandigwedeza phewa: "Mayi, mukugulitsa kapena mwaweruka?" Ndinagwidwa manyazi, ndipo usiku umenewo nsima inandikanika.

Pano nkhani ndimamvera kamodzi kokha, pa wailesi madzulo, foni n'kuisiya m'basiketi mpaka kucha. M'magulu a WhatsApp otumizirana zithunzi za mitembo ndinatulukamo, ngakhale la kubanja. Alamu anga anakhumudwa, koma azolowera.

Mtima ukamalemera ndimakumbukira zomwe ndinaona madzi atasefukira ku Dwangwa mu 2024. Amayi a kutchalitchi ndi a kumzikiti ankasinthana mthiko pa mphika umodzi, kuphikira anthu omwe sankawadziwa n'komwe. Mnyamata wina wakabaza ananyamula agogo ulere tsiku lonse.

Inu akonzi, zoterezi muzitilemberanso. Tumizani mtolankhani wanu kuno kunyanja, usipa wa ndiwo tidzamupatsa.

Mayi wa geni,
Nkhotakota