Dandaulo pa VPN yomwe timalipira koma sikugwira ntchito

Kwa Mkulu Woyang'anira Makasitomala,
Lilongwe.

Bwana,

Ndalemba kalatayi chifukwa kuyimba foni kwanditopetsa. Nambala ya akaunti yathu muli nayo, malisiti a mwezi ndi mwezi muli nawo, ndipo madandaulo omwe takhala tikupereka kuyambira mu Seputembala ayenera kukhala m'makompyuta anu. Zimenezo sindibwereza.

Ife timagulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a ulimi. Nkhokwe yathu ili ku Kanengo, mashopu ali ku Kasungu, Mchinji ndi Dedza. Wotsatsa malonda wanu atabwera kwathu sanatigulitse intaneti wamba, imeneyo tinali nayo kale. Anatigulitsa VPN. Anafotokoza kuti rauta (kachipangizo kolumikizira intaneti) ya pashopu iliyonse idzalumikizana ndi ya ku Kanengo kudzera m'njira yathuyathu yodutsa mkati mwa intaneti ya aliyense, ndipo chilichonse chodutsa m'njiramo chidzakhala chobisika, moti wina atachigwira panjira sangachiwerenge popanda kiyi. Seva yathu, kompyuta yosunga zolemba za bizinesi, siyidzaonekera kwa anthu akunja. Tinavomera kulipira ndalama zambiri mwezi uliwonse chifukwa cha chitetezo chimenecho basi.

Lero njirayo imaduka nthawi iliyonse. Magetsi akazima n'kuyakanso, intaneti imabwerera koma VPN siyibwerera. Titasowa mtengo wogwira tinalemba ganyu mnyamata wina wodziwa za makompyuta, ndipo sizinamutengere nthawi kuona vuto: timalipira IP yosasintha (nambala yomwe marauta amapezerana nayo pa intaneti), koma inu munasintha nambala ya ku Kanengo osatiuza. Marauta a m'mashopu akufunafunabe nambala yakale. Nkhaniyi ndinaifotokoza kwa anthu anu pafoni mobwerezabwereza. Yankho linali limodzi: "Zimitsani rauta, muyatsenso."

Izi zachitika mu Okutobala ndi Novembala, alimi akukonzekera mvula, nyengo yomwe bizinesi ngati yathu imapeza chakudya cha chaka chonse. Ana a pashopu ku Kasungu abwerera kolemba malonda m'makope. Ku Kanengo sitikudziwa kuti ku Mchinji kwatsala matumba angati, moti tinatumiza lole ya feteleza kumene kunali kale wokwanira pomwe ku Dedza alimi amabwerera chimanjamanja. Fomu ya VAT imafunika ku MRA pofika pa 25 mwezi uliwonse, ndipo wowerengera ndalama wathu wagona mu ofesi kuphatikiza manambala a m'makope pamanja.

Koma chomwe chandipangitsa kugwira cholembera ndi zomwe ndinakumana nazo ku ofesi kwanu ku City Centre. Ndabwerako maulendo ambiri kuchokera ku Kanengo, mafuta ovuta kupezawa, ndikusiya ntchito yanga. Ulendo wina akuti injiniya ali kufilidi. Ulendo wina akuti wodziwa za VPN ali patchuthi. Ulendo wina ananditumiza ku ofesi yanu ina, komwe ananena kuti nkhani za makampani sazigwira, ndibwerere komwe ndachokera.

Ulendo womaliza ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nditafika pa desiki, bambo amene anali pamenepo sanadzutse ngakhale mutu, maso ali pafoni. Ndinapereka moni, sanayankhe. Nditafotokoza vuto langa anandifunsa kuti, "Facebook ikutseguka?" Ndinati inde. Iye anati, "Ndiye mukufuna chiyani? Intaneti ilipo. Ngati VPN ikukuvutani ingoyizimitsani, muzitumizirana pa WhatsApp ngati anzanu." Nditamukumbutsa mwaulemu kuti VPN ndi imene timalipira, anatembenukira kwa mnzake n'kunena mokweza kuti, "Madala awa zinthu zimenezi sakuzimvetsa." Onse awiri anaseka, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga.

Bwana, ine ndine munthu wamkulu, ndili ndi antchito omwe amadyetsa mabanja awo kudzera mu bizinesi imeneyi. Sindinabwere kudzapempha thandizo laulere. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, ndipo akundipwetekabe.

Chondiopsa koposa chipongwecho ndi malangizo omwe anandipatsa. Munthu wolembedwa ntchito ndi kampani yogulitsa chitetezo akundiuza kuti ndichotse chitetezocho! Kodi akudziwa zomwe zimadutsa m'njira imeneyo? Mumadutsa mayina a alimi omwe timawapatsa katundu pangongole, manambala awo a foni, manambala a ziphaso zawo za unzika, malipiro a antchito ndi manambala a maakaunti awo a kubanki. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limaika udindo woteteza zinthu zoterezi pa ife amene tinazitolera. Zikatayika, alimi aja sadzabwera ku City Centre kudzafunsa inu. Adzabwera kwa ine, ndipo adzakhala akulondola.

Pali chinanso. Mmisiri wanu amene anabwera kudzalumikiza poyamba anatumiza kiyi yachinsinsi ya VPN pagulu lathu la WhatsApp, kuti aliyense aione. Ena mwa omwe anali pagulupo anasiya ntchito kwathu. Ndapempha kuti kiyiyo isinthidwe, poti marauta munawatseka nokha ndipo ife sitingalowemo. Mpaka lero palibe chachitika. Kuli ngati kumanga mpanda wa njerwa n'kupachika makiyi a geti kunja kwa mpandawo.

Ndikufuna injiniya wodziwadi za VPN abwere ku Kanengo, akonze nkhani ya IP, asinthe kiyi, ndipo asachoke kufikira mashopu onse atatu atalumikizika ife tikuona. Ndalama za miyezi yomwe VPN sinagwire ntchito muzichotse pa bilu yathu, chifukwa sitingalipire chinthu chomwe sitinalandire. Za bambo a pa desiki aja, ndikufuna kumva kuchokera kwa inu nomwe, polemba kalata, kuti mwachitapo chiyani. Musanditumizire uthenga wa pafoni wonena kuti dandaulo langa lalandiridwa, mauthenga otero ndili nawo ambiri.

Ngati pofika Lachisanu la sabata yamawa sindinaone munthu wanu ku Kanengo, kalata yomweyi ndikaipereka ku MACRA, bungwe loyang'anira zamtokoma ndi mauthenga, ndi ku CFTC, bungwe loteteza ogula, pamodzi ndi malisiti onse. Makampani ena awiri andipatsa kale mitengo yawo, ndipo tikathetsa mgwirizano mudzabwere kudzatenga marauta anu. Anzanga a mabizinesi ku Kanengo akhala akundifunsa ngati VPN yanu ili yodalirika, ndipo sindidzawanamiza.

Ine wodandaula,
Mwini bizinesi ya zipangizo za ulimi,
Kanengo, Lilongwe.