Za tiasilikali tako tija

Mwana wanga,

Mchemwali wako wandiuza kuti watenganso ngongole yogulira bokosi lina la tiasilikali tazidole toseweretsa nkhondo pa tebulo, ati poti tomwe uli natoto zipewa zake nza chaka china pomwe nkhondo mukufuna kusewerayo ndi ya Waterloo ya 1815. Ngongole chifukwa cha chipewa, iwe? Mtima wanga sukukhazikika, ndipo mpongozi wanga ngakhale wangokhala chete ndikudziwa kuti zikumuwawa.

Masewerawo sindikukuletsa ayi. Si ndine ndinakuphunzitsa kuponya madaisi ndi kuyeza mtunda ndi tepi pa tebulo, ukagonja unkalira mpaka kundibisira kamzinga kanga mthumba. Ndi masewero aulemu wake, msilikali wina dzina lake Reisswitz atawaonetsa kwa akuluakulu a asilikali a ku Prussia (dziko lakale la Ajeremani) mu 1824 anawalandira ngati maphunziro enieni a nkhondo. Koma iyeyo ankagwiritsa ntchito tizidutswa tofiira ndi tabuluu pa mapu basi, topanda nkhope, topanda mabatani. Chimene ankasamala nchoti mtsogoleri saona zonse, amalemba lamulo nkupereka kwa woweruza masewero, lamulolo limatenga nthawi kuti lifike, ndipo mdani umamuona pokhapokha anyamata ako atamuona.

Ngati ukufunadi kuti zifanane ndi zomwe zinachitika, yamba waganiza za mvula inagwa usiku wonse kuchezera pa 18 June, tsiku la nkhondo ya Waterloo, nthaka inali matope okhaokha, mizinga imavuta kukoka ndipo Napoleon, mfumu ya ku France, anachedwa kuyamba mpaka dzuwa litakwera, kenako asilikali a ku Prussia otsogozedwa ndi Blücher anatulukira dzuwa litapendeka kudzathandiza Wellington, mtsogoleri wa ku Britain amene ankamenyana ndi Napoleon. Inu pa tebulo panu mumadziwiratu kuti a Prussia afika pa ulendo wachingati, ali phee m'bokosi pambali panu kudikira. Ku Russia mu 1812 asilikali ambiri a Napoleon anatha ndi njala, matenda ndi chisanu, amene anabwerera anali atavala nsanza, palibe ankawala ngati tako topakapaka penti katatu. Zonsezi kuziika m'malamulo amasewero zimangofuna pepala ndi pensulo, sizifuna ngongole mwana wanga, sizifuna ngongole.

Ndiye mnzako uja amene amakuseka kuti mtundu wa jekete walakwika, kodi ngongoleyo adzakuthandiza kubweza? Ndinamuona tsiku la ukwati wako, ndi uja ankangonena za zomwe wagula. Amene akufuna kusewera nawe asewere ndi tiasilikali tomwe ulinato.

Uli ndi luso la manja kuyambira uli wamng'ono, zimenezo ndimanyadira ndipo ndimauza anthu. Koma bweza kaye ndalama za eni ake usanagule kanthu kena, ndipo ukhale pansi ndi mkazi wako umuuze zonse wekha asanamve kwa ena. Undiimbire sabata ino undiuze kuti yatsala zingati.

Ine bambo ako