Bwezani ndalama zanga za mahedifoni ndi ampulifaya, vocha sindikuifuna

Achimwene, ndalemba pano poyera chifukwa ku WhatsApp mwasiya kundiyankha. Mauthenga mukuwerenga, timizere tikusanduka tabuluu, koma yankho zii. Foni ikalira akumayankha ndi mnyamata wanu, n'kumati abwana apita ku China Mall kukaoda katundu. Ndiye tikambirane pano pomwe mumaitanira makasitomala, a kumudzi anzathu omwe amagula kwa inu amve nawo.

Nditabwera ku shopu kwanu, kufupi ndi Park Station mu Johannesburg muja, ndinafotokoza zonse bwinobwino. Ndinati ndimakhala chipinda chimodzi ku Rosettenville ndi mayi a kunyumba komanso khanda, masana ndimakhala m'phokoso la zitsulo ku Booysens, ndipo mpata womvera nyimbo ndimaupeza usiku iwo atagona. Ndinati ndikufuna mahedifoni otseka kumbuyo, osatulutsa mawu panja, a mtengo wapakati, oti ndizilumikiza ku laputopu. Dzina lomwe ndinatchula: Beyerdynamic DT 770 Pro. Zomwezi ndinali nditakulemberani kale pofunsa mtengo, ndipo uthengawo ndinausunga.

Inu munati 770 atha, koma alipo DT 990 Pro, kampani yomweyo, kamangidwe komweko, nambala yokwerayo ikusonyeza kuti ndi apamwamba. Nditaloza timabowo tooneka pa chithunzi cha pa bokosi, munati n'toti makutu azipitidwa mphepo asamachite thukuta. Kutsegula bokosi kuti ndiyese munakana, ati likang'ambidwa pulasitiki siligulikanso.

Munthu wogulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku sangalephere kusiyanitsa awiriwa. DT 770 Pro ndi otseka, DT 990 Pro ndi otsegula kumbuyo, ndipo opanga ake amanena zimenezo poyera. Timabowo tija ndi njira ya mawu. Kasipika ka mkati kakamagwedezeka kamakankha mpweya mbali zonse ziwiri, kupita kukhutu ndi kupita panja. Mahedifoni otseka amautsekera mpweya wa kumbuyowo m'chigoba, otsegula amausiya utuluke. N'chifukwa chake otsegula amamveka motakasuka, ngati oimba atalikirana m'holo, ndipo kwaya ya Mvano imakoma nawo zedi, izi sindikukana. Koma aliyense amene ali m'chipindamo amamva nawo, ndipo nawenso umamva zonse za panja, mataxi, agalu, wailesi ya aneba. Mahedifoniwo alibe mlandu, akugwira ntchito yomwe anapangidwira. Kungoti ntchito yake si imene ndinakuuzani. Usiku woyamba, voliyumu ili pakatikati, mayi a kunyumba anadzuka n'kunditchulira mawu a nyimbo yomwe ndinkamvera, ali pa bedi ine ndili pa mpando kukhomo. Mwana naye sanachedwe.

Pali china chimene chikundiwawa kwambiri. DT 770 Pro amapezeka a 32, a 80 ndi a 250 ohm (ohm ndi muyeso wa momwe mahedifoni amakanira magetsi kudutsa). A 32 ohm amalira bwino pa foni kapena laputopu popanda chowonjezera, a 80 ohm nawo malaputopu ambiri amawakwanitsa. Omwe munandipatsa ndi a 250 ohm, ndipo amenewo amafuna mphamvu yochuluka kuposa yomwe kabowo ka 3.5 mm ka pa laputopu yanga kamatulutsa. Mukawalumikiza mwachindunji mawu amatsika, besi imafooka. Ndiye mutangondisinthira mahedifoni, ampulifaya inasanduka yokakamiza, ndipo inu munali nayo kale pa kauntala. Ndinabwera ndi bajeti ya chinthu chimodzi, ndinatuluka nditalipira ziwiri, R6 400 yonse pamodzi. Ndalama imeneyo ndinaisonkha kwa miyezi, ndikuchepetsa zomwe ndimatumiza kumudzi ku Mzimba.

Ampulifayayo ndiye ili ndi vuto lenileni. Mukangoiyatsa imayamba kung'ung'udza, mmmm, osaleka, nyimbo isanayambe n'komwe, voliyumu ili pansi penipeni. Mukapotokola kabatani ka voliyumu, khutu la kumanzere limachita thetheretu, kenako mawu amathawira kumanja. Ndinasintha soketi, ndinazula chaja ya laputopu, ndinazimitsa firiji, ndinakaiyesa kwa mnzanga ku Turffontein ndi mahedifoni ake. Kung'ung'udza komweko. Pulagi yake ndi ya timano tiwiri tophwatalala ta ku America, ndipo munaiveka kaadaputala kotchipa kogwedera, komangidwa ndi selotepi. Kakhadi ka waranti ka m'bokosimo kakuti waranti imagwira ntchito m'dziko lomwe katunduyo anayenera kugulitsidwa, ndipo dzikolo si South Africa.

Ndinabweza zonse ziwiri masiku khumi ogwira ntchito asanakwane, m'mabokosi ake, zingwe zonse zilimo. Mayankho omwe ndinalandira ndiwalemba apa kuti mukane ngati ndikunama.

Pa mahedifoni munati ndiwasiye azilira maola ambiri kuti akhwime, akakhwima asiya kutulutsa mawu. Anthu okonda zomvera nyimbo amatsutsana ngati kuliza mahedifoni atsopano kumasintha kamvekedwe kake, koma palibe amene ananenapo kuti kumatseka zigoba. Ndi chimodzimodzi kudikira kuti sefa ya ufa itseke mabowo ake chifukwa yasefa kwambiri.

Pa ampulifaya munati yaonongeka ndi load shedding. Kuyambira tsiku logula mpaka tsiku lobweza magetsi kwathu sanathime, ndipo kung'ung'udzako kunayamba pa kuyatsa koyamba. Kenako munasintha, n'kumati magetsi a kuno ndi ochuluka. Magetsi a m'nyumba za ku South Africa ndi 230 V, ndipo pa chaja ya ampulifayayo palembedwa kuti imalandira kuyambira 100 mpaka 240 V. Ngati ikanakhala yosayenera magetsi a kuno, funso likanakhala loti munaigulitsiranji mu Johannesburg.

Pomaliza munandilozera chipepala chomata pa khoma choti katundu wogulidwa sabwezedwa, n'kunena kuti mwachisoni chabe mundipatsa vocha yoti ndisankhe china m'shopu mwanu.

Chipepala chimenecho sichiposa lamulo. Kuno kuli Consumer Protection Act, lamulo nambala 68 la 2008, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo limateteza wogula aliyense, silifunsa kuti pasipoti yake ndi ya dziko liti. Ndime 55 ikuti wogula akamuuza wogulitsa ntchito yeniyeni yomwe akufunira katundu, ndipo wogulitsayo ndi woti amagulitsa katundu wotereyo nthawi zonse, katunduyo ayenera kukwanira ntchito imeneyo. Ndime 20 ikulola kubweza katundu wotere pasanathe masiku 10 ogwira ntchito akapezeka kuti sakuyenera. Apa ndi pa mahedifoni. Ndikudziwa kuti bokosi likatsegulidwa lamulo limakulolani kudulapo kandalama koyenera, ndipo zimenezo tikhoza kukambirana ngati anthu, koma kandalama koyenera si theka la mtengo ngati momwe mnyamata wanu ananenera.

Pa ampulifaya palibe zodula. Ndime 56 ikuti katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6 chigulire, wogula amamubweza popanda chilango, ndipo amene amasankha pakati pa kukonzetsa, kusinthitsa kapena kubwezeredwa ndalama ndi wogulayo, osati mwini shopu. Ine ndasankha ndalama. Vocha si ndalama, sindingalipire nayo lendi, ndipo ingondibwezera pa kauntala yomweyo. Waranti ya m'bokosi kukhala ya dziko lina sikukuchotserani udindo, miyezi 6 imeneyi ndi ya lamulo. Komanso ndime 25 ikuti katundu wa dzina la kampani amene walowa m'dziko popanda chilolezo cha eni dzinalo aikidwe chidziwitso choonekera bwino, wogula adziwe asanalipire. Pa bokosi lija panalibe kalikonse. Lisiti nayo munandipatsa ya pa kapepala kong'amba m'kope, yopanda dzina la bizinesi kapena adiresi, pomwe ndime 26 ikufuna zonsezo zilembedwe. Mwayi ndinalipira kudzera ku banki, umboni ulipo.

Mawu omwe anandikhumudwitsa koposa ndi aja munanena ndikutuluka, akuti tisachititsane manyazi pakati pa eni dziko, chibale n'fupa sichiola. Achimwene, chibale chimenecho ndi chomwe chinandibweretsa kwa inu. Mashopu ogulitsa zomvera nyimbo ku Joni kuno ndi ambirimbiri, ena amakukhazika pansi n'kukuveka mahedifoni kuti uyese usanatulutse khobidi. Ndinawadutsa onsewo chifukwa pa zotsatsa zanu mumalemba Chichewa, mumati ndife a kumudzi, sitingakupusitseni. Pogulitsa chibale chinalipo, pobweza ndalama chikufuna chikhale chonditseka pakamwa. Tonse tikudziwa chimene chimapangitsa ambiri a ife kungosiya zinthu zotere: munthu amaopa maofesi, amaopa kufunsidwa mapepala, amati bola ndaluza ndalama koma ndili pa mtendere. Ndikuganiza kuti mumawerengera zimenezo. Ine mapepala anga ali bwino, ndipo tsiku lopuma ndili nalo.

Kwa anzanga amene mukufuna kugula zinthu ngati izi, kaya kuno kaya kwina, funsani ngati ndi otseka kapena otsegula, funsani ma ohm ake, ndipo muwavale musanalipire. Ngati mumamvera pa foni, a ma ohm ochepa akukwanirani, ampulifaya isakukakamizeni. Ikafunikadi, muiyatse pomwepo popanda nyimbo, mumvetsere ngati ili chete, mupotokole voliyumu pang'onopang'ono kuti mumve ngati makutu onse awiri akulira mofanana. Ntchito yomwe mukufunira katunduyo muilembe pa uthenga, isangothera pakamwa.

Tsono kwa inu achimwene, katundu wanu ali m'manja mwanu kale, mnyamata wanu anasaina kuti walandira. Ndikufuna ndalama yonse ya ampulifaya ibwerere mu akaunti yomwe inachokera. Pa mahedifoni, ngati DT 770 Pro a 80 ohm afika, atsopano, ndiwatenga ndipo tiwerengerana kusiyana kwa mtengo. Ngati palibe, ndalama. Kalata yofuna ndalamazi ndaikonza ndipo ifika ku shopu kwanu Lolemba, ikukupatsani masiku 14. Akatha osamva kanthu, dandaulo lipita kwa Consumer Goods and Services Ombud, ofesi yomva madandaulo a ogula, ndipo ndikalembetsa mlandu ku Small Claims Court, komwe amaweruza nkhani za ndalama zochepa popanda loya. Mukachotsa zomwe ndalembazi, zithunzi zake ndajambula kale pamodzi ndi mauthenga athu onse. Nambala yanga muli nayo.