Mawu amodzi ndi gitala imodzi basi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyamikire luso la mayi woimba jazi Ella Fitzgerald ndi katswiri woliza gitala Joe Pass, amene ndawaonera pa kanema wa zoimbaimba zawo za ku Hannover, m'dziko la Germany, mu 1975. Poimba awiriwa panalibe ng'oma kapena piyano, koma bambo Pass ankaliza besi ndi kusunga kugunda kwa nyimbo pa gitala imodzi yomweyo, moti sindinamve kuti pakusowa kanthu.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi kumverana kwawo, pakuti mayiwa akatsitsa mawu gitala nayo inkafatsa, ndipo akayamba kuseweretsa mawu mwanthabwala, bambowa ankawayankha ngati anthu akucheza pakhonde madzulo. Chimbale chawo choyamba, Take Love Easy, chinajambulidwa mu 1973, ndipo ndikupempha mawayilesi athu kuti azichiulutsako.

Wokonda jazi,
Zomba