Mapilisi a kaodzera afike kumidzi ya kashembe

A Mkonzi,

Kafukufuku wa mankhwala atsopano a kaodzera asathere mu nyuzi ndi m'mawekishopu ayi, mapilisiwo afike kumidzi komwe anthu akulumidwa ndi kashembe.

Ndaona nkhani ya fexinidazole, mapilisi a kaodzera omwe a DNDi, bungwe lofufuza mankhwala a matenda onyalanyazidwa, anayesa pa odwala ku Rumphi komanso ku Uganda, ndipo mtima wanga unagunda chifukwa matendawa ndimawadziwa. Malume anga amalima kufupi ndi Vwaza, anayamba ndi kutentha thupi ndi mutu, tonse timati malungo, anamwa LA kawiri koma osasintha, kenako anayamba kugona masana nsima ili m'manja, usiku maso gwa osagona, zoyankhula zosamveka mpaka ena kumati awalodza. Pomwe amawapeza ndi kaodzera anali atatheratu thupi. Anapatsidwa melarsoprol, jakisoni wa mumtsempha uja wokhala ndi arsenic, amalira ngati mwana akamabayidwa. Anachira, koma mankhwala amenewo ena amawapha.

Pano akuti mapilisi masiku 10, kumwa utadya. Koma munthu angamwe bwanji ngati sanayezedwe? Zipatala zing'onozing'ono zozungulira Vwaza, Nkhotakota ndi Kasungu zikhale ndi maikulosikopu ndi munthu wodziwa kuona magazi, ma HSA, alangizi a zaumoyo a m'midzi aja, aphunzitsidwe kuti odwala malungo osamva mankhwala kudera la kashembe aziwatumiza msanga kokayezedwa. Komanso a Unduna wa Zaumoyo alengeze pa wailesi mu Chichewa ndi Chitumbuka, poti malume anga aja nyuzipepala sawerenga.

Wowerenga wanu,
Mzuzu